Korea wa Nthawi ya Atsamunda m'Nthano Zazitali

Utsamunda wa Japan ku Korea unakhala zaka 35, kuyambira mu Ogasiti 1910 pamene dzikolo linalandidwa kotheratu kufikira pa 15 Ogasiti 1945 pamene Japan inagonja pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, koma ntchito yolemba za nyengo imeneyi yatenga kale zaka zoposa za utsamundawo ndipo siikuonetsa kuti yatsala pang'ono kutha. Mbali yaikulu ya ntchitoyi yagwiridwa ndi alembi a nthano zazitali zotsamira pa mbiri yakale, zimene mlembi wake amatenga zaka, malo, malamulo ndi zochitika zenizeni n'kulowetsamo ampangankhani ongopeka, ndiko kuti anthu a m'nkhani amene sanakhaleko, kuti awerengi aone mmene lamulo lolembedwa ku likulu linkafikira pakhomo pa mlimi, m'kalasi kapena pamsika. Mabuku olimba kwambiri a mtunduwu amafanana pa chinthu chimodzi, chimene woyamba kuwawerenga sachiyembekezera: mtsamunda weniweni amaonekamo mwa apo ndi apo, ndipo amene amadzaza masamba ndi Akoreya okhaokha, ena akulanda, ena akulandidwa, ambiri akungofunafuna njira yoti afike mawa.

Maziko a mbiriyo ndi osakayikitsa. M'chaka cha 1905 Japan, itangogonjetsa Russia, inakakamiza Korea kusaina pangano loilanda mphamvu zokambirana ndi maiko ena, ndipo patatha zaka zisanu inathetsa ufumu wa dzikolo n'kuika bwanamkubwa wake mumzinda wa Seoul, amene nthawi zonse ankasankhidwa pakati pa akuluakulu a asilikali. Kuyambira 1910 kufikira 1918 boma latsopanoli linachita kalembera wa malo, woyeza munda uliwonse ndi kulemba dzina la mwini wake, ndipo zotsatira zake zinali zakuti eni malo akuluakulu analimbitsidwa ndi zikalata pamene alimi ambiri, amene makolo awo ankalima minda imeneyo mwa mwambo chabe, anasanduka obwereka malo opereka pafupifupi theka la zokolola. Mpunga wambiri unkatuluka pa madoko monga Gunsan kupita ku Japan, ndipo oulimawo ankadya mapira ochokera ku Manchuria. Pa 1 Malichi 1919 anthu anatuluka m'misewu m'dziko lonse kufuna ufulu, asilikali anapha anthu zikwizikwi, ndipo boma, litaona kuti mfuti yokha siikukwanira, linafewetsako dzanja n'kulola kuti m'chaka cha 1920 kuyambe nyuzipepala ziwiri za Chikoreya, Dong-a Ilbo ndi Chosun Ilbo.

M'nyuzipepala zimenezi ndimo mmene nthano zazitali zambiri za nthawiyo zinkatuluka, kachigawo kamodzi tsiku lililonse, ndipo kachigawo kalikonse kankadutsa m'manja mwa apolisi ofufuza zolembedwa, amene ankatha kufufuta mizere kapena kuletsa nyuzipepala yonse. Mlembi wofuna kunena za ulamuliro umene unalipo ankayenera kuzungulira. Hong Myong-hui anabwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 400 n'kuyamba mu 1928 kulemba Im Kkeokjeong, nkhani ya mtsogoleri wa zigawenga wochokera m'banja lonyozeka la opha nyama amene anaukira nduna za mfumu, ndipo awerengi sankavutika kuzindikira kuti nduna zakalezo zinkaimira ndani. Chae Man-sik anasankha njira ya chipongwe. M'buku lake la Taepyeong cheonha la mu 1938, nkhalamba yolemera yotchedwa Yun, mwini minda ndiponso wokongoza ndalama za katapira, imatamanda ulamuliro wa Japan ndi mtima wonse chifukwa apolisi ake amateteza chuma chake kwa achifwamba amene kale anapha bambo ake, ndipo imagwa mphwayi itamva kuti mdzukulu amene inkafuna kuti adzakhale mkulu wa apolisi wamangidwa ku Tokyo chifukwa cha ndale za sosholizimu, chiphunzitso chofuna kuti chuma chisakhale m'manja mwa anthu ochepa. Wofufuza zolembedwa sakanapeza chiganizo choti afufute, popeza mawu onse otamanda boma analimo, ngakhale kuti anali m'kamwa mwa munthu wonyansa.

Ufulu utabwera zinthu sizinaphweke monga mmene munthu angaganizire. Dziko linagawidwa pawiri, nkhondo ya 1950 mpaka 1953 inapha anthu mamiliyoni, ndipo kum'mwera komiti yapadera imene nyumba ya malamulo inakhazikitsa mu 1948 kuti iweruze ogwirizana ndi atsamunda inafooketsedwa ndi boma la Syngman Rhee n'kutha mu 1949 isanagwire ntchito yooneka. Apolisi ambiri amene ankagwira ndi kuzunza omenyera ufulu anapitiriza ntchito atangosintha yunifomu. Alembi nawonso sanali oyera m'manja, popeza Yi Kwang-su, amene buku lake la Mujeong la mu 1917 limatengedwa ngati chiyambi cha nthano zazitali zamakono m'Chikoreya, anali atatenga dzina la Chijapani lakuti Kayama Mitsuro n'kumalimbikitsa anyamata kulowa usilikali wa Japan, ndipo Chae Man-sik yemwe uja anadzalemba nkhani yovomereza kuti nayenso anagonja m'zaka zomaliza za nkhondo. Nkhani yaifupi ya Chon Kwang-yong yotchedwa Kapitan Ri, ya mu 1962, inaika vutoli poyera kudzera mwa dokotala amene amatumikira Ajapani, kenako Arasha, kenako Amereka, akuphunzira chinenero cha mbuye aliyense watsopano ndi khama lofanana.

Buku limene linasenza katundu yenseyu mokwanira ndi Toji, kutanthauza nthaka, la mayi Park Kyong-ni, amene anabadwira ku Tongyeong mu 1926 n'kumwalira mu 2008. Anayamba kulitulutsa mu 1969 n'kulimaliza mu 1994, patatha zaka 25, lili ndi zigawo zisanu zodzaza mabuku 16 m'kusindikiza koyamba kwathunthu, ndipo muli ampangankhani mazanamazana. Nkhani yake imayamba pa chikondwerero cha masika cha Chuseok m'chaka cha 1897, m'mudzi wa Pyeongsa-ri m'boma la Hadong pafupi ndi mtsinje wa Seomjin, ndipo imatha tsiku limene mbiri ya kugonja kwa Japan inafika m'mudzimo. Pakati pa nkhaniyi pali banja la a Choe, eni malo a m'gulu la yangban, ndiko kuti mabanja apamwamba amene ankapereka nduna ndi anthu ophunzira mu ufumu wakale. Mwini nyumba amaphedwa pa chiwembu cha anthu a m'mudzi momwemo osirira chuma chake, agogo aakazi amene ankagwira banjalo amafa ndi kolera, ndipo kamtsikana kamasiye, Seo-hui, kamatsala m'manja mwa mbale wapatali, Jo Jun-gu, amene amatsamira mphamvu za Ajapani n'kulanda minda yonse.

Zimene Park anachita ndi mtsikana ameneyu n'zimene zimasiyanitsa Toji ndi nthano wamba yokweza dziko. Seo-hui amathawira ku Yongjeong m'chigawo cha Gando, kutsidya kwa mtsinje wa Tumen m'dziko la China, kumene Akoreya ambiri osowa malo ankasamukira, ndipo kumeneko amalemera ndi malonda, amakwatiwa ndi Gil-sang amene anali wantchito wa panyumba ya makolo ake, ndipo pofuna kuwombola minda amaonetsa nkhope yaubwenzi kwa akuluakulu a Chijapani, kwinaku mwamuna wake akulowa m'gulu la omenyera ufulu. Cholinga chake choyamba si ufulu wa Korea ayi, koma kubwezera ndi kubwezeretsa dzina la banja, ndipo mlembi samupepesera kapena kumuweruza. Kazitape woopsa kwambiri wa apolisi a Chijapani m'bukuli, Kim Du-su, ndi mwana wa munthu uja anapha bambo a Seo-hui, amene anakula akusalidwa monga mwana wa chigawenga, kotero kuti nkhanza zake zili ndi mizu m'mudzi womwewo. Woŵerenga amafika pozindikira kuti Japan inapeza ming'alu ilipo kale, pakati pa mbuye ndi kapolo, pakati pa mwana wa m'banja ndi mwana wa kuseri, pakati pa mwamuna ndi mkazi, ndipo inakulitsa ming'alu imeneyo.

Bukuli lili ndi zofooka zake, ndipo si mwano kuzitchula. Zigawo zakumapeto zimachedwa ndi makambirano aatali a anthu ophunzira okhudza chikhalidwe cha Japan ndi tsogolo la Korea, mmene mawu a mlembi amamveka kuposa a ampangankhani, ndipo mphamvu ya chigawo choyamba, chokhala ndi alimi, akazi amasiye ndi sing'anga wa m'mudzi, siibwereranso mofanana. Komabe palibe buku lina limene linasonyeza motere mmene zaka pafupifupi 50 zinasungunulira dongosolo lakale la magulu a anthu, moti mwana wa kapolo n'kukhala dokotala, mwana wa nduna n'kukhala wopemphetsa.

Jo Jung-rae, wobadwa mu 1943, anatenga njira yaukali kwambiri m'buku lake la Arirang, la mabuku 12, limene linayamba kutuluka m'nyuzipepala mu 1990 n'kutha mu 1995. Limayambira m'chigwa cha mpunga cha Gimje ndi doko la Gunsan n'kutsatira anthu ake kulikonse kumene umphawi ndi lamulo zinawamwaza: m'minda ya nzimbe ku Hawaii, m'nkhalango za Manchuria, m'migodi ya ku Japan, ndi m'sitima zimene mu 1937 boma la Stalin linasamutsira Akoreya oposa 170,000 kuchoka kum'mawa kwa Russia kupita ku Kazakhstan ndi Uzbekistan. Bukuli linagulidwa mamiliyoni, ndipo ku Gimje kuli nyumba yosungiramo mbiri yake, zimene zikutanthauza kuti kwa anthu ambiri a ku South Korea chithunzi cha utsamunda chinachokera kwa Jo osati kwa akatswiri a mbiri yakale. Apa m'pamene panabuka mkangano. Lee Young-hoon, katswiri wa mbiri ya zachuma amene ankaphunzitsa pa Seoul National University, anatsutsa poyera kuti zochitika za m'bukumo zosonyeza apolisi akuwombera alimi nthawi yomweyo pa kalembera wa malo zilibe umboni m'zikalata, ndipo Jo anakana chitsutsocho mwamphamvu. Lee mwiniwake amatsutsidwa ndi anzake ambiri kuti amachepetsa nkhanza za utsamunda, koma funso limene anadzutsa silichoka chifukwa cha zimenezo, popeza mlembi amene walemba chaka chenicheni ndi dzina la mudzi weniweni walonjeza kanthu kwa woŵerenga, ndipo chopeka chake chimatha kulowa m'chikumbukiro cha mtundu ngati kuti chinachitikadi.

Zaka zoŵaŵa kwambiri zinali zomaliza, nkhondo ya Japan ndi China itayamba mu 1937, pamene boma linasiya kungolamulira n'kuyamba kufuna kuti Akoreya asanduke Ajapani. Ana a sukulu ankalumbira kukhulupirika kwa mfumu ya Japan, Chikoreya chinakankhidwira kunja kwa makalasi kuyambira 1938, nyuzipepala ziwiri zija zinatsekedwa mu 1940, ndipo mu 1942 akatswiri amene ankalemba dikishonale ya Chikoreya anamangidwa, awiri mwa iwo n'kufera m'ndende. Kuyambira Febuluwale 1940 mabanja anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi yoti alembetse maina a mabanja a kalembedwe ka Chijapani, ndipo pafupifupi mabanja 80 pa 100 aliwonse anatero, chifukwa wokana ankavutika kupeza malo a sukulu, ntchito ndi chakudya chogawidwa ndi boma. Kwa anthu amene amasunga mfunda wawo m'mabuku a mibadwo otchedwa jokbo, ndipo mkazi sasintha dzina ngakhale atakwatiwa, ichi chinali chilonda chachikulu. Richard E. Kim, wobadwira ku Hamhung mu 1932, anachifotokoza m'buku la Lost Names la mu 1970, limene analilemba m'Chingerezi ali ku America, mmene mnyamata amatsagana ndi bambo ake ku polisi kukalembetsa dzina latsopano, kenako n'kupita kumanda kukapepesa makolo, n'kupeza kuti mudzi wonse uli komweko ndi cholinga chomwecho. Awerengi ambiri anaganiza kuti bukuli ndi mbiri ya moyo wa mlembi, ngakhale iye ankalitcha nthano.

Pali mbali imodzi ya mbiriyi imene nthano zinachedwa kuifika chifukwa anthu enieniwo anali chete. Atsikana ndi amayi ambiri, ochuluka mwa iwo Akoreya, anatengedwa mwachinyengo kapena mokakamiza n'kuikidwa m'nyumba zimene asilikali a Japan ankawagwiririramo, ndipo kwa zaka zoposa 40 manyazi amene anthu akwawo ankawasenzetsa anawatseka pakamwa, kufikira pa 14 Ogasiti 1991 pamene mayi Kim Hak-sun anayankhula poyera ku Seoul. Nora Okja Keller anatulutsa Comfort Woman mu 1997, koma buku losonyeza bwino kuvuta kwa kupeka pa nkhani yotere ndi Han myeong la Kim Soom, la mu 2016, lonena za nthawi imene mwa amayi olembetsedwa ndi boma watsala mmodzi yekha wamoyo, ndipo gogo wina amene sanauzepo munthu aliyense zimene zinamuchitikira ku Manchuria ali ndi zaka 13 akulingalira zoulula. Kim Soom anaika m'bukuli manambala opitirira 300 olozera ku maumboni enieni a opulumuka, kotero kuti ziganizo zambiri zofotokoza nkhanza zili ndi mwini wake wodziwika. Njirayi imalemetsa kuŵerenga, koma chifukwa chake n'chomveka: pa nkhani imene andale ena a ku Japan amaikanabe, chopeka chilichonse chikanasanduka chida m'manja mwa okana.

Kunja kwa Korea buku lodziwika kuposa onse ndi Pachinko la Min Jin Lee, amene anabadwira ku Seoul mu 1968 n'kukulira ku New York. Linatuluka m'Chingerezi mu 2017, linasandutsidwa sewero la pa kanema la Apple TV+ mu 2022, ndipo limatsatira mibadwo inayi kuyambira 1910 kufikira 1989. Sunja, mwana wa eni nyumba yogona asodzi pa chilumba cha Yeongdo pafupi ndi Busan, amapatsidwa mimba ndi wamalonda wolemera amene ali kale ndi mkazi ku Japan, amakana kukhala mkazi wa kuseri, ndipo amakwatiwa ndi mbusa wodwaladwala amene amapita naye ku Ikaino, dera la Akoreya osauka mumzinda wa Osaka. Mbusayo amamangidwa pa nkhani yokhudza kupembedza pa kachisi wa Shinto, chipembedzo chimene boma linkakakamiza aliyense kuti achilemekeze, ndipo Sunja amayamba kugulitsa kimchi, ndiwo za masamba zofufumitsa ndi tsabola, pamsika. Kufunika kwa bukuli kuli pa zimene limasonyeza za pambuyo pa 1945. Nkhondo ikutha ku Japan kunali Akoreya pafupifupi 2 miliyoni, pafupifupi 600,000 anatsalira, ndipo mu 1952 anachotsedwa unzika wa Japan n'kusanduka alendo m'dziko limene ambiri a iwo anabadwiramo, odindidwa zala ndi otsekeredwa ntchito za boma ndi za makampani aakulu. N'chifukwa chake ambiri analowa m'malonda a pachinko, makina a juga oseweredwa ndi timipira tachitsulo, amene anthu olemekezeka ankawanyoza.

Oŵerenga Toji asanaŵerenge Pachinko amaona msanga kuti lachiwirili linalembedwera alendo. Limalongosola zimene Mkoreya safuna kulongosoledwa, limathamanga pa zaka zimene Park akanakhalapo buku lathunthu, ndipo ndale za magulu omenyera ufulu zimangomveka chapatali. Izi sizilichotsera ulemu, chifukwa mpangankhani wake Noa, amene amaphunzira mwakhama, n'kubisa mtundu wake, n'kukhala zaka zambiri monga Mjapani mumzinda wa Nagano mpaka chinsinsicho chitamugonjetsa, ndi chithunzi cholondola cha zimene ndondomeko yosandutsa anthu ija inasiya m'mitima ngakhale boma loiyambitsa litagwa. Chovuta chimakhalapo pamene buku limodzi, chifukwa chakuti lili m'Chingerezi, litengedwa ngati liwu la mtundu wonse, pamene Toji lathunthu likupezeka m'Chijapani koma m'Chingerezi munamasuliridwa chigawo choyamba chokha.

Mbali ina imene inakhala yobisika kwa nthawi yaitali inabisidwa ndi ndale za Korea mwiniwake. Ambiri mwa amene anapitiriza kulimbana ndi atsamunda m'kati mwa dzikolo m'zaka za m'ma 1930 anali ogwira ntchito m'mafakitale ndi achikomyunizimu, ndipo maboma a asilikali a kum'mwera sankalola kuti anthu otere akhale ngwazi za m'mabuku. Ngakhale zolemba za alembi amene anasamukira kumpoto zinali zoletsedwa kufikira 1988, pamene chiletso chinachotsedwa pa ambiri a iwo. Hwang Sok-yong, amene anabadwira ku Changchun ku Manchuria mu 1943 ndipo anakhala m'ndende kuyambira 1993 kufikira 1998 chifukwa chopita ku North Korea popanda chilolezo, anatulutsa mu 2020 buku la Cheoldowon samdae, lonena za mibadwo ya ogwira ntchito za njanji a ku Yeongdeungpo, dera la mafakitale la Seoul, limene kumasulira kwake kwa Chingerezi, Mater 2-10, kunafika pa mndandanda womaliza wa mphoto ya International Booker mu 2024. Njanji ya Seoul mpaka Busan inatsegulidwa mu 1905, itamangidwa pa minda yolandidwa ndi manja a anthu okakamizidwa, ndipo m'bukuli banja limodzi limagawika pa njanji yomweyo: mkulu amakwera mpaka kukhala woyendetsa sitima, udindo umene Akoreya ochepa ankaloledwa kuufikira, pamene mng'ono wake amakonza magulu a ogwira ntchito mobisa n'kufera m'ndende, akusakidwa ndi wapolisi wa Chikoreya amene anakulira m'dera lomwelo. Hwang anakulunga zonsezi m'nkhani ya mdzukulu wa banjalo wa masiku ano, wochotsedwa ntchito, amene akuchita zionetsero yekha pamwamba pa chumuni cha fakitale, njira imene ogwira ntchito a ku South Korea aigwiritsadi ntchito m'zaka zaposachedwa, ena kwa masiku oposa 400.